Matenda ofanana ndi sitiroko oyenda m'mbumba: zimene chithunzi cha ubongo chimaonetsa

Munthu akadzuka pakamwa patapindika, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zitalefuka, mawu asakumveka bwino, ambirife masiku ano timadziwa kuti imeneyo ndi sitiroko, ndipo nthawi zambiri timakhala titalondola. Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kufalitsidwa mu 2016, anaunika anthu akuluakulu 222 odwala sitiroko. Anapeza kuti zoyambitsa zikuluzikulu kwathu kuno ndi ziwiri: kuthamanga kwa magazi, kumene timangoti BP, ndi kachilombo ka HIV, makamaka kwa anthu a zaka 45 kutsika m'munsi. Choncho langizo loyamba silinasinthe. Mukaona zizindikiro zimenezi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ola lomwelo.

Koma pali kagulu kochepa ka odwala amene nkhani yawo siyenda choncho. Ndi anyamata ndi atsikana, kapena abambo ndi amayi osafika zaka 40. BP yawo ili bwino, HIV alibe, komabe agwidwa kawiri kapena katatu ndi chinthu chooneka ngati sitiroko. Mukafunsa za kwawo, mumva kuti mayi awo anali ndi shuga, amalume awo anagontha m'makutu ali mnyamata, mchemwali wawo amagwa khunyu. Banja lotere limamwa mankhwala osathandiza kwa zaka zambiri, limagulitsa mbuzi kulipira asing'anga, ndipo pamapeto pake wina amalozedwa chala. Ena mwa mabanja amenewa ali ndi matenda otengera kumtundu otchedwa MELAS, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zimawaulula ndi chithunzi cha ubongo.

Timafuwa ta m'thupi

Thupi lathu linapangidwa ndi maselo, tizigawo tosaoneka ndi maso. Pafupifupi m'selo iliyonse muli tinthu tina tating'ono kwambiri totchedwa mitokondiriya. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mafuwa m'khitchini. Nsima imene tadya ndi mpweya umene tapuma zimakathera pamenepo, n'kusanduka mphamvu yoyendetsera thupi. Ziwalo zimene zimadya mphamvu zambiri ndi ubongo, mtima, minofu, m'kati mwa khutu, maso, ndi kapamba amene amapanga insulini. Ubongo pawokha umalemera pafupifupi magawo awiri okha pa 100 a thupi lonse, koma umatha magawo 20 pa 100 a mphamvu zimene munthu amagwiritsa ntchito akungokhala. Timafuwati tikamayaka mofooka, ziwalo zimenezi ndi zimene zimayamba kudandaula. Komanso moto wofooka umafuka. Utsi wake m'thupi ndi asidi wotchedwa lactate, amene amachuluka m'magazi ndi m'madzi ozungulira ubongo.

Dzina loti MELAS ndi chidule cha mawu a Chingerezi otchula zinthu zimenezi pamodzi: vuto la mitokondiriya lokhudza ubongo ndi minofu, kuchuluka kwa asidi, ndi kugwidwa ndi zofanana ndi sitiroko. Anawatcha dzinali ndi Steven Pavlakis ndi madokotala anzake ku New York mu 1984. Mu 1990 akatswiri a ku Japan, Yu-ichi Goto ndi anzake, anapeza gwero lake. Mitokondiriya ili ndi DNA yakeyake, kabuku kakang'ono ka malangizo ka zilembo 16,569, kamene kanawerengedwa koyamba ku Cambridge mu 1981. Mwa odwala MELAS pafupifupi 80 pa 100 alionse, chilembo chimodzi chokha n'chimene chinasintha, pa malo a nambala 3243, pamene pali G m'malo mwa A.

Matendawa ndi osowa. Kafukufuku wa ku Newcastle, kumpoto kwa England, wa mu 2015, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa 4,300 ali ndi matenda ena alionse a mitokondiriya kapena ali pa chiopsezo chowadwala, ndipo MELAS ndi gawo chabe la amenewo. Apezeka mwa anthu a mitundu yosiyanasiyana padziko lapansi.

Chifukwa chake amatsata mbumba

Kuno ku Domasi, monga m'madera ambiri a Zomba, Ayao, Anyanja ndi Alhomwe timawerengera mtundu kuchikazi. Ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mitokondiriya imayenda njira yomweyo. Mwana amalandira DNA yaikulu kuchokera kwa bambo ndi mayi mofanana, koma mitokondiriya yake imachokera m'dzira la mayi. Mayi amene ali ndi kusintha kuja akhoza kupatsira ana ake aamuna ndi aakazi omwe. Ana aakazi adzapatsiranso awo. Mwana wamwamuna akhoza kudwala kwambiri, koma ana ake sadzatengera kwa iye.

Nanga bwanji ana a mayi mmodzi amadwala mosiyana? Taganizani za thumba la mbewu ya mpunga losakanikirana, yabwino ndi yofumbwa. Mayi ali ndi thumba lotere m'maselo ake, ndipo dzira lililonse limangotapa dzanja limodzi. Mwana wina amapeza dzanja lodzaza mbewu yabwino, amakula wathanzi mpaka kukalamba. Wina amapeza zosakanikirana, n'kudwala shuga ndi kugontha m'makutu atafika zaka za m'ma 30. Wina amapeza yofumbwa yochuluka, ndiye amene amagwa khunyu ndi kufa ziwalo ali wachinyamata. Mayi mwini akhoza kukhala wopanda chizindikiro chilichonse. Palibe amene amasankha dzanja limene mwana atape, ndipo palibe chimene mayi anadya kapena kuchita ali woyembekezera chimene chinabweretsa zimenezi.

Mmene amayambira

Sitiroko yeniyeni imagwa ngati mphezi. Munthu anali bwinobwino, kamphindi komweko wagwa. Ya MELAS kawirikawiri imabwera ikukwawa. Imayamba ndi mutu waching'alang'ala wa masiku angapo, kusanza, nthawi zina kutentha thupi. Kenako wodwala amaona kuthwanima m'maso, kapena amasiya kuona za mbali imodzi moti amagunda chitseko ndi phewa. Amasokonezeka, amalephera kumva tanthauzo la mawu, amaphupha. Kulefuka kwa dzanja kapena mwendo kumatha kubwera pambuyo. Patapita masabata amapezako bwino, mwinanso kuchira ndithu, koma pakatha miyezi kapena zaka zimabweranso, nthawi zina mbali ina. Ulendo uliwonse umasiya chipsera, ndipo pang'onopang'ono munthu amayamba kuiwalaiwala ndi kusintha khalidwe. Ambiri amakhala aafupi ndi ochepa thupi, amatopa msanga pa ntchito ya khasu, ndipo makutu awo amamva movutikira. Ngakhale ambiri amayamba asanafike zaka 40, alipo amene amayamba atapitirira pamenepo.

Makina awiri ojambulira ubongo

Ekisileyi wamba amene timamudziwa amaonetsa mafupa a mutu, koma ubongo saonetsa. Makina a CT amagwiritsa ntchito kuwala kwa ekisileyi komweko, koma amazungulira mutu, ndipo kompyuta imasonkhanitsa zithunzi ngati magawo a buledi wodulidwa. Wodwala woyamba anajambulidwa nawo ku London mu 1971, ndipo Godfrey Hounsfield ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, analandira mphoto ya Nobel mu 1979 chifukwa cha ntchitoyi. CT imatenga mphindi zochepa ndipo imaonetsa msanga ngati mtsempha waphulika n'kukha magazi mu ubongo. Ichi n'chifukwa chake ndiyo imayamba munthu akaganiziridwa sitiroko. Mayi woyembekezera azinena asanalowe.

Makina a MRI alibe kuwala kwa ekisileyi. Amagwiritsa ntchito maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi poona mmene madzi akhalira m'minofu. Amachita phokoso, amatenga theka la ola kapena kupitirira, ndipo wodwala amayenera kugona osagwedezeka, atavula zitsulo zonse ndiponso atanena ngati ali ndi chitsulo m'thupi. Koma zithunzi zake zimaonetsa zambiri. M'Malawi muno makina a MRI anaikidwa pa Queen Elizabeth mu 2008 kudzera mu Blantyre Malaria Project, pansi pa utsogoleri wa Terrie Taylor wa ku Michigan State University, ndipo katswiri wowerenga zithunzi zake anali Dr Sam Kampondeni. Makina amenewa anayankha funso limene linazunguza madokotala kwa zaka zambiri, lakuti n'chiyani chimapha ana odwala malungo a mu ubongo. Mu 2015 anafalitsa zoti mwa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa omwalirawo ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Apa mukhoza kuona kuti chithunzi cha ubongo chimasintha mmene matenda timawamvera.

Ngalande ndi ndime

Amene analimapo pa sikimu ya mpunga ya Domasi amadziwa kuti ngalande iliyonse ili ndi ndime zake. Ngalande imodzi ikatsekeka, ndime zomwa pamenepo zimauma, ndipo kuumako kumalekezera pa malire. Ya mnzako yomwa pa ngalande ina imakhalabe yobiriwira. Ubongo unagawidwanso motero. Mbali iliyonse ya ubongo waukulu imathiriridwa ndi mitsempha itatu, wakutsogolo, wapakati ndi wakumbuyo, ndipo uliwonse uli ndi dera lake lodziwika. Pa sitiroko yobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, dokotala akaona chithunzi amatha kutchula mtsempha umene watsekeka, pakuti malo owonongekawo amatsata malire a dera lake, kuyambira pamwamba pa ubongo mpaka m'kati.

Pa MELAS ngalande zimakhala zikuyenda, koma mbewu zikufota. Vuto lili m'maselo enieniwo, amene akulephera kupanga mphamvu, makamaka pamene khunyu ikuwagwiritsa ntchito mopitirira muyeso. Motero chithunzi chimasiyana m'njira zingapo.

Choyamba, chilonda sichilemekeza malire. Chimatha kuyambira m'dera la mtsempha wakumbuyo n'kudumphira m'dera la wapakati. Chachiwiri, chimakonda kumbuyo ndi m'mbali mwa ubongo, kumene kumayang'anira kuona ndi kumva mawu, ndipo n'chifukwa chake odwala ambiri amayamba ndi vuto la maso. Chachitatu, chimagwira kwambiri khungu la pamwamba pa ubongo, pamene pali maselo odya mphamvu zambiri, ndipo kawirikawiri chimasiya za m'kati kwambiri. Chachinayi, chimayenda. Mukajambula lero n'kujambulanso pakatha masabata awiri kapena atatu, mupeza chafalikira pang'onopang'ono ku malo oyandikana, kapena chazilala apa n'kutulukira mbali inayo. Sitiroko yeniyeni sichita zimenezi, imakhala pamene inagwera. Chachisanu, akajambula mitsempha yokhayo amaipeza yotseguka, ndipo m'masiku oyamba magazi amakhala akupita ochuluka pamalo odwalawo, pamene pa sitiroko amakhala ochepa.

Makina a MRI amphamvu ali ndi luso linanso loyeza zinthu zimene zili m'kachigawo ka ubongo popanda kubaya. Pa MELAS amapeza lactate, utsi uja, ngakhale m'malo ooneka abwinobwino. CT nayo imathandizako. Imatha kuonetsa timadontho toyera ta kashiamu m'katikati mwa ubongo mbali zonse ziwiri, ndiponso ubongo wofota kuposa msinkhu wa mwini wake. Timadontho totere mwa agogo a zaka 70 si tachilendo, koma mwa mnyamata wa zaka 25 timadzutsa mafunso.

Chithunzi chokha sichigamula

Kwathu kuno pali matenda ambiri oyenera kuganiziridwa kaye munthu wachinyamata akafa ziwalo ndi kuphupha. Shuga akatsika kwambiri amaoneka ngati sitiroko, ndipo kuyeza kwake n'kwa mphindi imodzi pa chala. Pali TB ya mu ubongo, chindoko, toxoplasmosis ndi matenda oumitsa khosi mwa amene chitetezo chawo chatsika, mphutsi za njoka za m'mimba za tapeworm zimene zimakakhazikika mu ubongo, zotupa, ndi kachilombo ka herpes kamene pa chithunzi kamafanana kwambiri ndi MELAS. Onsewa ndi ofala kuposa MELAS, ndipo ambiri ali ndi mankhwala ochiza. Dokotala akayamba ndi kuyeza HIV, chindoko, shuga ndi madzi a kumsana, akuchita zoyenera.

Chithunzi chikasonyeza ku MELAS, umboni wotsiriza umachokera pa kuyeza DNA. Mwa akuluakulu mkodzo umathandiza kuposa magazi, chifukwa kusintha kuja kumachepa m'magazi munthu akamakula. Nthawi zina amadula kanyama kakang'ono ka mnofu n'kukaunika. Kuyeza kotere kumachitika m'malabotale apadera monga a ku Cape Town.

Kusiyanitsa kuli ndi phindu lanji?

Mankhwala ochiziratu MELAS sanapezeke. Wina angafunse kuti ndiye kudziwa kuthandiza chiyani. Kumathandiza kwambiri pa nkhani ya mankhwala.

Pa sitiroko wamba timalimbana ndi BP ndipo ambiri amapatsidwa aspirin. Pa MELAS chachikulu n'kuletsa khunyu msanga, pakuti kuphupha kulikonse kumatha mphamvu za maselo otopa kale n'kukulitsa chilonda. Komanso pali mankhwala abwino kwa anthu ena amene ali oopsa kwa odwalawa. Sodium valproate, mankhwala odziwika a khunyu, amalemetsa mitokondiriya, ndipo pa mitundu ina ya matendawa amatha kuwononga chiwindi. Metformin, amene odwala shuga ambiri amayamba nawo, amatha kuwonjezera asidi m'magazi. Jakisoni wa gentamicin amatha kuwononga makutu, ndipo kwa munthu amene makutu ake ndi ofooka kale amafunika kusamala. Pochita opaleshoni, ogonetsa odwala ayenera kudziwiratu. Ku Japan madokotala amagwiritsa ntchito arginine pa nthawi ya kugwidwa, koma akatswiri sanagwirizane onse za phindu lake. Pano ndichenjeze mwamphamvu: musasiye mankhwala alionse a khunyu kapena a shuga panokha chifukwa cha nkhani ino. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala a khunyu kumapha. Kafunseni kuchipatala.

Zoti mankhwala angapweteke mitokondiriya Amalawi tinaziona ndi maso. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mankhwala oyamba anali ndi stavudine. Anapulumutsa miyoyo yambiri, koma ena anatentha mapazi ndi kuchita dzanzi, masaya analowa, ndipo ochepa anadwala kwambiri chifukwa cha asidi m'magazi. Chinkachitika n'chakuti stavudine ankasokoneza mitokondiriya. Kuyambira mu 2011 amayi oyembekezera anayamba kulandira mankhwala okhala ndi tenofovir, ndipo mu 2013 ena onse anasinthidwa. Limenelo linali vuto lobwera ndi mankhwala, losatengera kumtundu, ndipo ma ARV a masiku ano alibe stavudine. Koma likutithandiza kumvetsa zimene zimachitika timafuwa tija tikafooka.

Kupatula mankhwala, wodwala azipewa zinthu zotha mphamvu za thupi. Malungo ndi kutentha thupi kulikonse zithandizidwe msanga. Asamakhale nthawi yaitali osadya, azimwa madzi okwanira, apewe mowa ndi fodya. Lamulo la Mpingo losala kudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera silikakamiza odwala, ndipo abale athu Achisilamu nawonso sakakamiza wodwala kumanga Ramadani. Mtima, makutu, maso ndi shuga ziziyezedwa kawirikawiri. Mayi wa m'banja lotere akatenga pakati ayambe sikelo msanga, auze azamba mbiri ya kwawo, ndipo akachilire ku chipatala chachikulu, chifukwa chiopsezo cha shuga, BP ndi kubereka masiku asanakwane chimakhala chokwera.

Ku United Kingdom lamulo la mu 2015 linalola njira yophatikiza mbewu za makolo ndi dzira la mayi wina wa mitokondiriya yabwino, ndipo mu July 2025 akatswiri a ku Newcastle analengeza kuti ana 8 abadwa motero. Njirayi imadalira kupangira mwana m'labotale, chimene Mpingo wa Katolika sugwirizana nacho monga unafotokozera m'zikalata za Donum Vitae mu 1987 ndi Dignitas Personae mu 2008. Banja limene likuda nkhawa za kubereka likambirane ndi dokotala komanso bambo mfumu, podziwa kuti si mwana aliyense wa mayi wotere amene amadwala.

Chimene banja lingachite

Pa Domasi Rural Hospital kapena pa St Luke's ku Malosa simupeza MRI, ndipo njira yake imadzera ku Zomba Central Hospital mpaka ku Blantyre. Makina ndi ochepa, ofuna kujambulidwa ndi ambiri. Chimene chimachititsa dokotala kuona kuti wodwala uyu akufunika chithunzi ndi mbiri yofotokozedwa bwino, ndipo imeneyo ili m'manja mwanu.

Pitani ndi munthu wodziwa mbumba yonse, kaya ndi agogo aakazi kaya amalume. Tchulani onse a kuchikazi amene anali ndi shuga ali ochepa thupi, ogontha m'makutu asanakalambe, akhunyu, a mutu waching'alang'ala, a vuto la mtima, ndi amene anamwalira ali aang'ono mosadziwika bwino. Fotokozani mmene kudwalaku kunayambira, chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira, ndi masiku amene zinatenga. Sungani mabuku onse a kuchipatala, akale ndi atsopano. Ngati wodwala anajambulidwapo, sungani chithunzicho ndi lipoti lake pouma, ndipo mujambulenso pa foni. Pa matenda awa zithunzi ziwiri za nthawi zosiyana zimanena zambiri kuposa chimodzi, chifukwa ndi pamene chilonda choyenda chija chimaonekera. Anamwino ndi azachipatala anzanga, wodwala wosafika zaka 40 akabweranso kachiwiri ndi sitiroko, wopanda BP ndi HIV, funsani za makutu, za shuga ndi za kuchikazi kwake, ndipo muzilembe m'kalata yomutumizira.

Udindo wa mphakati

Matenda akamagwira nyumba imodzi mobwerezabwereza, m'mudzi mumayamba manong'onong'o. Kawirikawiri amene amalozedwa ndi agogo aakazi, amene mwina nawonso anataya ana ndi matenda omwewo. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo chikhristu chathu chimaletsa kunamizira mnzathu. Palinso ngozi ina yatsopano, yakuti mwamuna akamva zoti matendawa amadzera mwa mayi athawe pa chikamwini kusiya mkazi ndi ana odwala. Ankhoswe ndi alangizi a mabanja akumbutse abambo otere lonjezo la pa guwa, la pa mtendere ndi pa mavuto pomwe. Mayiyo sanasankhe chimene analandira kwa mayi ake.

Akhristu a m'mphakati angathandize m'njira zooneka. Angasonkhe ya thiransipoti ya ku Zomba kapena ku Blantyre, kusinthana kudikirira wodwala kuti womusamalira akalime, ndi kuitana bambo mfumu adzapereke sakramenti la kudzoza odwala. Aphunzirenso chochita munthu akamaphupha: mugonekeni chammbali, chotsani moto ndi zinthu zakuthwa pafupi, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo zikapitirira mphindi zisanu kapena zikabwereza asanatsitsimuke, mutengereni kuchipatala mwamsanga pamodzi ndi mabuku ake onse.